Njereza ya kuphiri

Ndinali ndi imvi kale, koma ndinkakhulupirira kuti mizere yoyera ndi yachikasu imene imatsetsereka pamatanthwe a phiri ndi utoto umene Mulungu anasiyira ife osauka. Sekani ndithu, mano ndi anu.

Chinali chaka chotsatira chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Mwana wathu wamkazi anali atapeza mwamuna, ndipo makolo a mnyamatayo, anthu a pa boma pa Lundazi, ananena kuti abwera Loweruka kudzaona pakhomo. Mayi a kunyumba anazira pansi mpaka kuwala, koma khoma linkawadetsa nkhawa. Anthu a pa boma akaona khoma losalocha amati mwana wa m'nyumbamo ndi waulesi, ukwati n'kuzizira pomwepo.

"Khomalo ndisiyireni ine," ndinatero.

Lachinayi ndinakwera njinga kupita kukamudzi ka kumapiri kumene kunakwatiwa mlongo wanga. Kukongola kwake sindikana. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira, ina ofiirira, thanthwe lili mbee pamwamba pake ngati laikidwa laimu dzulo. Kamudziko kali m'munsi, tinyumba khumi ndi mbuzi zochuluka kuposa anthu.

"Monire alamu!" anatero mwamuna wa mlongo wanga. "Mwabwela na thumba, kuli njala kwanu?"

Nditafotokoza, mlongo wanga anati, "Achimwene, gonani. Mawa nikupelekezeni kumtsinje kumene timakumba njeleza ise azimayi."

Ine kutsatira azimayi kumtsinje ndi dengu? Ndinati maso ndili nawo, utoto ndikuuona uko. Alamu anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. "Pitani alamu," anatero, "eni ake niwaulemu, sakaniza."

Ndinakwera dzuwa lili paliwombo. Pafupi ndi thanthwe ndinamva fungo, ndinati kapena ndi thukuta langa. Kuyandikira, fungo la khola la atonde, losakaniza ndi mphasa ya mwana wokodzera pogona. Pamiyala panali mbira, tinyama tonenepa topanda mchira tija, tikundiyang'ana ngati ndalowa m'tchalitchi chosakhala changa. Ndinapala choyeracho ndi kakhasu. M'ming'alu munali china chachikasu, chomata ngati phula, chinakakamira m'zikhadabo. Ndinalavula kangapo, koma ndinadziuza kuti ngakhale penti wa m'sitolo amanunkha. Thumba la feteleza linadzaza theka.

Nditatsika, mlongo wanga anatsegula pakamwa kuti andiuze kanthu, alamu n'kumugwira mkono. Anandiperekeza ataima patali, onse atagwira mphuno ngati ali ndi chimfine. Njira yonse ntchentche zinali pambuyo panga, ndipo galu wina ananditsatira mpaka pamlatho.

Lachisanu m'mawa mayi atapita kuchigayo, ndinati ndiwadabwitse. Ndinathira zonse m'bafa, madzi pamwamba, n'kuvundula ndi dzanja. Abale, chimene chinatuluka m'bafamo! Nkhuku zinasamuka. Misozi ikutuluka, ndinapaka khoma lonse lakumaso, kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Silinayere. Linada ngati msuzi wa nyemba zogona, ndipo dzuwa litaomba linayamba kuphika.

Mayi anatula ufa patali. Anayandikira atatseka mphuno ndi chitenje, natola kanthu kobulungira kamene kanamatirira pakhoma, nakaphwanya ndi zala.

"Bambo a ana, mwapaka chimbudzi cha mbila panyumba panga?"

Apo m'pamene ndinadziwa. Mbira zimakodza ndi kunyera malo amodzi, makolo ndi zidzukulu, zaka ndi zaka, ndipo mizere yokongola ija ndi mkodzo wouma. Ndinasanza kuseri kwa nkhokwe.

Tinapala khomalo tsiku lonse, ine ndi khasu, mayi ndi mwana akumata dothi latsopano. Mwanayo ankalira mosatulutsa mawu. Dothi linaphimba mtundu, koma fungo linakana, linali litalowa m'njerwa. Manja anga ndinasamba ndi phulusa, ndi mandimu, ndi sopo wochapira, osatheka. Chakudya chamadzulo anandiikira panja, chapatali.

Pogona mayi anayala mphasa yanga pafupi ndi chitseko, nati:

"Mawa alendo tikawakhazika pansi pa mango, ndipo inu mukhale pafupi nawo, osasuntha. Akafunsa za fungo, ine nizati ndinu. Mwamuna wonunkha anthu amamvela chisoni mkazi wake, koma nyumba yonunkha amabweza nayo mwana."