Beseni la Alendo

Chaka chimenecho ndinali nditangolowa m'gulu la azimayi opemphera Lachinayi. Anzanga ambiri anali a ku Estates, a nyumba za matailosi. Ine wa zipinda ziwiri ndinapempha ndekha kuti mapemphero adzachitikeko kwathu. Ba mai busa, otsogolera gulu, anati tiyese. Zikayenda bwino, azibwera mwezi ndi mwezi.

Bambo a kwathu ankayendetsa thiraki yonyamula feteleza. Sabata ya mapempherowo thirakiyo inkafuka utsi wakuda, pofika pachitunda cha ku Shimabala inkachita kukwawa. Lachitatu anamasula tabo, chitsulo chonga nkhono yaikulu chimene chimapopera mpweya mu injini, n'kubwera nacho kunyumba. Ine pochokera kumsika ndinapeza atanyika zidutswa zake m'palafini, akupala mwaye ndi mswachi wakale. Ananyika muti? M'beseni langa latsopano la pulasitiki, losambitsira alendo m'manja. Anati linali lokhalo losadontha. Ndinangopempha Mulungu andigwire pakamwa, pakuti chitsulo chomwecho n'chimene chinkatidyetsa.

Beseni lija ndinalitsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi ndimu. Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Kani mphuno zanga zinali zitazolowera.

Azimayi anabwera ndi mabulauzi awo oyera. Tinaimba, tinapemphera bwino, mtima wanga unali m'malo. Ndisanapereke tiyi ndi vitumbuwa, ndinagwada pamaso pa ba mai busa n'kuyamba kuwathirira madzi ofunda. Kufundako kunadzutsa fungo lonse. Pamwamba pa madzi panayandama mafuta a mitundumitundu, ndipo chipinda chinanunkha ngati galaja.

Mayi wina wa ku Estates, wokonda nthabwala, anasuzumira m'beseni nati, "Ba sisi, pasapezeke woyatsa machisi muno, tingapite kumwamba tsiku lisanakwane."

Anaseka onse, osati mwankhanza ayi. Ine ndinali chigwadire, jagi ya madzi ili m'manja. Ndinazungulira mzere wonse choncho, aliyense akutembenuzira nkhope kumbali. Kuseri kwa nyumba bambo ankaimba mluzu, mswachi uli kwe kwe kwe. Vitumbuwa vinatsala vambiri.

Powaperekeza, ba mai busa anandigwira paphewa mwachikondi. Anati kaye tizisonkhana ku Estates, bambo amalize ntchito yawo mwamtendere.

Bambo anamaliza madzulo omwewo. Thiraki inanyamuka yopanda utsi, ana sanagone ndi njala, ndipo ndimayamika Ambuye mpaka lero. Koma mapemphero sanabwererenso kwathu, ndipo ine pakamwa panalemera kuti ndipemphenso.