Yisiti Sidikira Pamzere

Pali anthu ena amene umphawi sunangowalanda nsapato, unawalandanso pakamwa. Ngati inu muli mmodzi wa iwo, khalani pansi mumve za mtsikana uyu.

Lolemba lina iye anaima pakhonde la labotale ya payunivesite, kambale kagalasi kali m'manja, misozi ikulengeza m'maso. Aphunzitsi ake anali atangomuuza mawu osapita m'mbali.

"Lachisanu kukubwera oyesa kafukufuku. Ukapanda kuwaonetsa kanthu, malo ako tipatsa wina. Ndakuikira kumbuyo mokwanira."

Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira kwa azakhali ake, m'nyumba ya zipinda ziwiri yodzaza ana. Azakhaliwo sanali ankhanza, koma mwana wobwera amadziwa malo ake. Ankasamba pomaliza madzi atazizira, ankadya ena atanyamuka. Mayeso olowera kuyunivesite analephera koyamba, nakhala zaka akukolopa m'maofesi, kenako n'kulembanso, n'kukhoza. Mawu amene ankafulumira kutuluka pakamwa pake anali akuti "yambani inu," moti ku labotale anangomutcha Yambani.

Kafukufuku wake anali wa yisiti, yomwe ija yofufumitsira buledi. Musaipeputse. Yisiti ndi kachamoyo ka selo imodzi, ndipo ukaithira mchere wambiri madzi amatuluka m'thupi mwake, n'kufota. Koma sifa. Pakhungu pake pali mapuloteni amene amamva kuti zinthu zavuta. Iwo amadzutsa puloteni ina yotchedwa kinezi, imeneyo imagogoda inzake, inzakeyo inzake, ngati anthu opatsirana uthenga wa moto. Yomaliza, imene akatswiri amaitcha Hog1, imathamangira pakati pa selo kukalamula kuti papangidwe timadzi tonanda totchedwa giliserolo, ndipo giliseroloyo amakokera madzi m'kati mpaka selo itadzazanso.

Yambani anali atamatira kuwala kobiriwira pa Hog1. Ntchito yake inali yosavuta kuinena: athire mchere, aonetse kuwalako kutasonkhana pakati pa selo ngati kadontho. Koma miyezi inatha osaona kadontho ngakhale kamodzi. Nthawi zonse maselo ake ankaoneka onenepa, kuwala kuli mbwee paliponse, ngati sanalaweko mchere chibadwire.

Anasintha mchere. Anasintha yisiti. Anatsuka mabotolo mpaka zala zinasuwa. Anayamba kukhulupirira kuti chovunda ndi mutu wake.

Lachitatu azakhali ake anamuimbira foni.

"Mwana wanga, ngati zakanika bwerera. Kuofesi kuja akufunabe wokolopa. Si zamanyazi ayi."

Ananena mwachikondi, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka kwambiri.

Tsopano imvani mmene ankagwirira ntchito. Maikulosikopu yoonera kuwalako, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso, inali imodzi yokha, m'kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde. Yambani ankathira mchere patebulo lake, n'kunyamula kambale kupita nako kumeneko. Akafika ankapeza munthu pampando, kapena wina akubwera kumbuyo kwake. Mukudziwa kale zimene ankanena. Ankaima pakhomo, kambale m'manja, mpaka onse atatha.

Lachinayi masana ophunzira ambiri anapita kumsonkhano. Yambani, mutu uli balala, anafika m'kachipinda kaja n'kuzindikira kuti waiwala kuthira mchere. Kabotolo kanali m'thumba la chovala chake choyera. Anathira pomwepo, diso lili pagalasi.

Maselo anafota iye akuona. Sanachotse diso pagalasi. Kenako, pang'onopang'ono, kuwala kunayamba kusonkhana. Kadontho apa, kadontho apo, mpaka ponseponse panali timadontho tobiriwira.

Asanajambule n'komwe, chitseko chinatseguka. Anali wophunzira wamkulu pa onse, yemwe ankamutcha Wandevu, munthu woti akatsokomola achinyamata amakonza makolala.

"Mlongo, wamaliza?"

"Yambani, achimwene."

Pakamwa panayankha pokha. Atabwerera pampandopo Wandevu atachoka, timadontho tonse tinali titabalalika, maselo ali onenepa monga kale.

Apa m'pamene anagwira mutu. Yisiti yake sinali yakufa, ndipo mutu wake sunali wovunda. Miyezi yonseyi yisiti inkafota, kumenya nkhondo, kupambana, Hog1 n'kubwerera pamalo pake, zonsezi zikuchitikira m'manja mwake iye ali pakhomo kudikira anthu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma yisiti si nkhono.

Lachisanu linafika. Yambani anaonetsetsa kuti m'kachipinda mulibe munthu, n'kuthamangira kukatenga kambale. Atamva nsapato za oyesa pakhonde, anathira mchere, n'kukankha chitseko.

Wandevu anali pampando.

"Tandidikira pang'ono, mlongo, ndatsala ndi tizithunzi tochepa," anatero osacheuka n'komwe.

Kumbuyo kwake oyesa anali atafika, aphunzitsi ake ali pakati pawo. Mayi wina wa magalasi, mkulu wa oyesawo, anayang'ana wotchi.

"Ngati makina ali ndi munthu, tipitirire kwa wotsatira."

M'kambale muja maselo anali atayamba kale kufota. Yambani ankadziwa kuti kuwala kukusonkhana tsopano lino, ndipo sikudzadikira. Mawu akale aja anakwera mpaka pammero. M'maganizo mwake anaona chikolopa chikumudikira kuseri kwa chitseko cha ofesi ija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ayi, achimwene. Lero ndiyamba ine. Nyamukani."

Wandevu anacheuka, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako ananyamuka, n'kumukokera mpando.

"Bwanji sunanene kalekale? Ine ndimayesa umakonda kuima pakhomo."

Yambani analibe nthawi yoseka. Anaika kambale, anapotoza kachitsulo, ndipo pa sikirini ya kompyuta yolumikizidwa ku makinawo panatuluka timadontho tobiriwira, towala, selo iliyonse kake. Mayi wa magalasi anaiwala wotchi, n'kuweramira pafupi.

"Musachoke, amayi," anatero Yambani. "Muonanso akudzaza."

Oyesawo anakhala. Anaona maselo ofota aja akubwerera mwakale pamaso pawo. Aphunzitsi ake anangotulutsa mpweya, n'kutsamira khoma.

Malo ake sanapatse wina. Lero Yambani ali ndi ophunzira akeake, ndipo dzina lija silinachoke, moti ngakhale azakhali ake amamuitana choncho akafuna kumuseka. Ulemu sanautaye: pakhomo amapatukirabe akuluakulu. Koma wophunzira watsopano akabwera, wamanyazi, woyenda m'mbali mwa khoma, amamupatsa kabotolo ka mchere n'kumuuza kuti, "Ukathira, usadikire munthu, ngakhale ine."

Inu amene mchere wa dziko lino wakufotetsani, kufota si kufa. Mwina mphamvu zimene mukuti mulibe zakhala zikugwira ntchito m'manja mwanu momwemo, inu muli pakhomo kupatukira ena. Osataya mtima, komanso osataya nthawi yanu. Ikafika, tsekulani pakamwa, munene kuti lero ndiyamba ine.