Laputopu Yodzuka Tsiku Limodzimodzi

Inu amene mwalimbana ndi chinthu chokana kuyenda mpaka mwayamba kudziona ngati mbuli, imani kaye mumve za Mzime.

Lachinayi limenelo, m'kalasi ya anthu makumi awiri ophunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, anatsala yekha amene zida zolembera za m'laputopu yake zinali zisanayende. Anzake anali atayamba kale kulemba. Iye ankangoyang'ana mizere yofiira pasikirini.

Aphunzitsi anaima kumbuyo kwake n'kupumira m'mwamba.

"Mzime, ino ndi sabata yachitatu. Kunjaku anthu akudikirira mpando umenewu. Likafika Lolemba zida zako zisanayende, ndiupereka kwa wina. Usandide."

Sanawade. Sukuluyo inali yaulere, ndipo lamulo lake analimva tsiku loyamba: laputopu ubweretse yako, zida uikemo wekha.

Dzina loti Mzime anamupatsa ndi achimwene ake, poti anali womaliza kubadwa. Makolo anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anamulera ndi achimwenewo, amene ankapanga makadi a ukwati pa laputopu yakale yong'aluka pakona. Kenako nawonso anadwala miyezi iwiri n'kutsikira kuli chete. Chomwe anamusiyira ndi laputopu ija ndi chikwama chake, basi.

Azakhali anamutenga, koma anamutenga ngati katundu woikiza. Ankagona m'chipinda chosungiramo zinthu, pakati pa matayala akutha ndi firiji yakufa. Za sukulu ya makompyutazo azakhaliwo sankafuna kuzimva n'komwe.

"Akakuchotsa kumeneko usadzandilirire pano," anatero. "Ndalankhula kale ndi mayi wina amene akufuna mtsikana wantchito. N'kutali, koma ukadya. Zomangojompha mabatani ngati nkhukuzi sizidyetsa munthu."

Pulogalamu yolemberamo anali ataiika bwinobwino, anaitenga pa fulashi ya mnzake. Vuto linali mapulagini, tizida towonjezera tomwe pulogalamuyo imakoka yokha pa intaneti kuti igwire ntchito. Akadina kuti tibwere, kagudumu kankazungulira pang'ono, kenako mizere yofiira ija mbwee.

Palibe chomwe sanayese. Anachotsa pulogalamuyo n'kuiikanso kasanu ndi kawiri. Anasamuka mpando kukakhala pafupi ndi kabokosi ka waifai. Wina anati ndi mavairasi, iye n'kusesa laputopu yonse. Wina anati, "Laputopu yakoyi ndi agogo, isiye ikapume," kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Malamulo alionse omwe ankawapeza pa foni ankangowakopera osawamvetsa, ndipo ena anangowonjezera mavuto.

Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe sankachita: kuwerenga mizere yofiirayo. Tisanamizane, ambirife tili choncho. Tikaona zofiira timatseka msangamsanga ngati tatsegula chitseko cha bafa muli munthu.

Loweruka m'mawa anapita kusukuluko ngakhale kunali kotseka. Mlonda anamulola kukhala pakhonde, pomwe waifai inkafikabe. Anatulutsa kope ndi cholembera, n'kuyamba kukopera uthenga wofiirawo mzere ndi mzere, liwu lililonse lovuta akulifufuza pa foni. Mizere khumi ndi umodzi sanatolepo kanthu. Wotsatirawo unkanena kuti chiphaso chachitetezo cha kumene mapulaginiwo amachokera sichingalandiridwe, chifukwa tsiku lake loyamba kugwira ntchito silinakwane.

Silinakwane bwanji, anzake onse zitawayendera? Anayang'ana pakona ya sikirini pomwe pamakhala deti.

Detiyo inali ya zaka zinayi zapitazo. Si kuti sankadziwa. Ankaiona tsiku ndi tsiku, koma kwa iye sinali vuto, inali dzanja la achimwene ake.

Nkhani yake inali yotere. Pulogalamu yomwe achimwenewo ankapangira makadi inali yongoyeserera, yololedwa masiku makumi atatu okha, ndipo kugula yeniyeni sakanakwanitsa. Ndiye anaika kanthu kena m'laputopumo koti nthawi iliyonse ikayatsidwa izibwerera pa tsiku limodzimodzi, kuti masikuwo asathe. Anamuchenjeza kangapo konse.

"Mzime, china chilichonse gwira, koma deti usadzaikhudze. Pulogalamuyi ikangoona tsiku lenileni imatseka, ndipo siitsegukanso ngakhale utabweza."

Choncho laputopuyo inkakhulupirira kuti ikadali m'chaka chakale chija. Chiphaso chilichonse chatsopano inkachiona ngati chochokera m'tsogolo, n'kuchikana.

Mankhwala ake anali a miniti imodzi. Koma Mzime anangotseka laputopuyo osaikhudza detiyo.

M'pulogalamu ya makadiyo munali ntchito yomaliza ya achimwene ake. Linali khadi lomwe ankamukonzera iye: chithunzi chake pakati, maluwa achikasu m'mbali, pamwamba mawu oti "Mzime wakhoza," ndipo m'munsi malo a deti opanda kanthu. Anadwala asanalimalize. Khadilo silinkatseguka kwina kulikonse. Mawu a azakhali akamulasa, ankalitsegula n'kumasuntha maluwa aja, kumaona mitundu itatu yomwe achimwene anayesa asanasankhe. Ndi malo okhawo padziko pomwe ankamva ngati munthuyo wangotuluka pang'ono, abweranso.

Tsiku limenelo anabwerera kunyumba osakonza kanthu.

Lamulungu m'mawa anapeza chikwama chachikulu chopanda kanthu pakhomo pa chipinda chake.

"Uyambe kulongedza," anatero azakhali akudutsa. "Mayi uja atumiza munthu Lachiwiri."

Masana ake anabwerera pakhonde lija. Anayatsa laputopu, natsegula khadilo, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenako analijambula ndi foni. Chithunzicho sichinatuluke bwino: munalowa mng'alu wa pasikirini ndi mthunzi wa nkhope yake.

"Achimwene, mundikhululukire," anatero chapansipansi. "Ndikufuna ndifike Lolemba."

Anachotsa kanthu kobweza masiku kaja. Anakonza deti. Zaka zinayi zinadutsa kamodzin'kamodzi pakona ya sikirini.

Anadina pulagini yoyamba. Kagudumu kanazungulira, kanazunguliranso, kenako panatuluka kachizindikiro kobiriwira. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu, yachinayi. Masabata atatu a manyazi anatha m'maminiti atatu.

Akanatha kulekera pomwepo, koma mtima wa munthu sumva. Anadina pulogalamu ya makadi ija. Panatuluka kabokosi kotuwa konena kuti nthawi yoyeserera yatha. Analira pakhondepo kuposa momwe analirira kumanda, mlonda n'kumangoyang'ana kumbali ngati akuwerenga magalimoto odutsa.

Lolemba aphunzitsi anawerama pa laputopu yake, naona zonse zikuyenda.

"Wachita bwanji?"

"Ndakonza deti."

"Deti basi? Masabata onsewa?" Anaseka n'kupukusa mutu.

"Deti basi," anatero Mzime, maso ali pasikirini.

Musaganize kuti zinayera pomwepo. Anagonabe pafupi ndi firiji yakufa ija miyezi isanu ndi itatu, ndipo azakhali anakhala milungu ingapo osamulankhula chifukwa pokana kupita kuntchito kuja anawachititsa manyazi kwa mayi uja. Zida zinapitiriza kukana, lero ichi, mawa icho. Koma iye anali atasiya kuthawa zofiira. Uthenga uliwonse wa vuto ankaukopera m'kope lija pamodzi ndi mankhwala ake, mpaka anzake omwe ankamuseka aja anayamba kulibwereka.

Lero Mzime amagwira ntchito pa kampani ina yolemba mapulogalamu, ndipo ali ndi chipinda chakechake chokhala ndi zenera. Wantchito watsopano zida zikamukana, amamutumiza kwa iye. Amakoka mpando n'kunena kuti, "Musatseke. Werengani mokweza, mpaka mzere womaliza." Munthuyo akuwerenga, diso lake limathamangira pakona ya sikirini.

Chithunzi chosaoneka bwino chija chikadali pa foni yake. Malo a deti akadali opanda kanthu, ndipo palibenso amene angawadzaze. Zimamupwetekabe, sabisa.

Ndiye inu amene zinthu zakukanani, musafulumire kudzitcha mbuli. Werengani zofiirazo mpaka kumapeto. Mwina mupeza kuti chomwe chakutsekerani njira ndi chinthu chomwe mumachikonda kwambiri, chomwe chakuimikani pa tsiku limene linapita kalekale. Zikatero lirani, palibe manyazi. Koma mukatha kulira konzani deti, chifukwa amene anakukondani sankafuna kuti mukalambire pamenepo.

Osataya mtima, Lolemba lanu lisanafike.