Nsalu Yobiriwira ya Atelala

Aliyense wodutsa mumsewu wopita kumsika amawadziwa Atelala, ngakhale amene sanasoketseko kanthu kwa iwo. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, makina kutsogolo, tepi m'khosi, mapini awiri pakamwa. Akangolavula mapiniwo ndiye kuti nyimbo yayamba. Phazi likamapalasa makina, iwo amaimbira Mulungu ndi mawu onse, moti mwini sitolo amachita kukuwa polankhula ndi ogula misomali. Ndipo asanadule nsalu ya munthu amatsinzina kaye, kumupempherera mwini nsaluyo. Amati, "Sizasi sibwerera m'mbuyo, ndiye ndiyambe ndafunsa."

Vuto ndi limodzi: mawu awo sayenda njira imodzi ndi a anzawo. M'kwaya anakhalamo zaka zisanu ndi zinayi anthu akungopirira, mpaka pamene alamu awo, achemwali a bambo a kunyumba, anasankhidwa kutsogolera. Mwezi womwe kwaya inagula nsalu yobiriwira ya yunifolomu, aliyense n'kulandira yake, alamuwo anawatengera pambali.

"Alamu, mtima muli nawo, palibe angakane. Koma ife tikamakwera inu mukutsika. Tapumani kaye."

"Ndipume mpaka liti?"

"Tidzakuitanani."

Atelala sanakangane nawo. Madiresi a kwaya yonse anasoka ndi iwo, koma nsalu yawo anaipinda n'kuibisa pansi pa thumba la zidutswa. Wopanda yunifolomu saima kutsogolo, ndiye malinga nsaluyo ilipo, malo awo analiponso. Tsiku loitanidwa likadzafika, adzangosoka.

Lachisanu alamu aja anabwera kudzayesa diresi. Iwotu anali atakana kuyezedwa, anangotumiza miyeso pakapepala. Analowa kuseri kwa katani, ndipo posakhalitsa kunamveka kupuma kwa befuu. Diresi inathera m'mapewa.

"Mwandipanikiza dala! Nkhani ija eti?"

"Ndatsata kapepala kanu, alamu. Kaya miyesoyi ndi ya chaka chimene munakwatiwa?"

Mwini sitolo anathawira kuseri kwa zitini za penti, mapewa akugwedezeka. Koma nkhani sinali yoseketsa. Nsalu ya mtundu umenewo inali itatha kumene anaigula, ndipo Lamlungu kwaya inkayenera kuvala zatsopanozo koyamba. Alamu anakhala pabenchi, diresi ili pamiyendo, mawu atatsika.

"Ndiye ndikaima bwanji kutsogolo? Onse zobiriwira, ine ndekha ngati mlendo?"

Atelala anayang'ana thumba la zidutswa. Palibe ankakumbukira kuti muli nsalu mmenemo. Kukhala chete sikukanakhala kunama. Mwinanso Lamlungu limodzi lokhala kumbuyo likanawaphunzitsa alamuwo mmene benchi yakumbuyo imawawira. Anatsinzina. Pemphero lake silinali lokoma ngati la masiku onse. Chamumtima anangoti, "Ambuye, mukudziwa kuti sindikufuna." 

Atatsegula maso anapisa dzanja m'thumba muja, n'kuikutumula nsaluyo. Inali ikadali ndi mizere ya mopindidwa.

"Imirirani, alamu. Kwezani manja. Musakoke mimba, Mulungu akuona."

Anayeza chifuwa, anayeza chiuno, kenaka anagwada pasimenti kuyeza mpendero, mawondo akulira. Alamu ankangoyang'ana pamwamba pa mutu wawo.

"Imeneyi si yanu kodi?"

"Inali yanga."

"Nanga inu mudzavala chiyani?"

"Yunifolomu ndi ya kwaya, alamu. Pakhosi pokha ndi panga, ndipo Mwini wake sanandiuze kuti ndipume."

Anayala nsalu pathebulo, anajambula ndi choko mbali ziwiri zazikulu. Alamu anagwira m'mphepete mwake, ngati akufuna kuwaletsa.

"Mawu anu sanasinthe. Sindingakunamizeni kuti mubwerera chifukwa cha ichi."

"Ndikudziwa. Chotsani dzanja, ndingakudulireni chala."

Sizasi inalowa, n'kuyenda mpaka kumapeto osaima.

"Mubwere mawa masana," anatero Atelala. "Ndipo mubwere mutadya, tiyese zoona zake."