Ananditsegulira Drowa Ndalama Ili Pending

Anzanga, Constance ndinakumana naye ku Limbe, mu shopu ya mafoni ya a Umair. Ine ndimamata matayala ku Manja. Mwana wanga Atikonda ndimalera ndekha, mayi ake anachoka kalekale.

Achimwene anga a Bonface ali ku Joni. Thandizo la mwana amatumiza pa Bitcoin, ndalama za pa intaneti zija, ati n'kotchipa. Constance, wantchito wa mu shopumo, ndiye ankazisintha kukhala makwacha.

Tsiku loyamba ndinamuonetsa foni. "Yalowa iyi, ndipatseni ndizipita."

"Sinalowe, ili pending. Khalani pabenchipo. Ma miner asanaitsimikize sindipereka."

"Ma miner? A kumgodi?"

Anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Ayi! Ndi makompyuta a anthu, dziko lonse lapansi. Amatola ndalama zimene zili pamzere n'kuzilonga mu block imodzi, ngati minibasi. Kenako amapikisana samu yovuta. Wopambana block yake ndiyo imalowa, anzake amaona ngati palibe chinyengo, iye amalandira kangachepe. Ma block ena akasanjikana pamwamba, basi, palibe angaibweze."

"Ndiye ndidikire mpaka liti?"

"Zimatengera fee. Amayamba kukweza olipira bwino."

A Bonface fee amaika yochepa nthawi zonse, ndiye benchi ija ndinaizolowera. Ndinayamba kubwera ndi mandasi. Kenako ndi Atikonda. Pofika nthawi ya mvula Constance anali akumuluka mwana tsitsi, Lamlungu tikuyenda atatu ku Chichiri ngati banja...

Tsiku lina Atikonda anadwala chifuwa, kupuma movutikira. Kuchipatala anandilembera mankhwala oti ndikagule. Ndinathamangira ku Limbe.

Pending.

Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Pending.

"Maurice, mwana sangadikire," anatero Constance. Anayang'ana kukhomo, n'kutsegula drowa. "Tenga, thamanga. Ma miner aitsimikiza, ikhala confirmed madzulo. A Umair asadziwe."

Mankhwala ndinagula. Mwana anachira.

Koma ndalama ija sinakhale confirmed. A Bonface ataona kuti yakakamira, uku landilodi wawo ali pakhomo, anadzitumizira okha ndalama yomweyo ku wallet yawo ya Bitcoin ndi fee yokwera. Ma miner anatenga yachiwiriyo. Yoyamba inangosowa pamzere.

"Ndimayesa sunalandire kanthu, mphwanga," anatero pafoni. "Month end nditumiza ina."

A Umair atazindikira sanakalipe. Anangoti, "Lamulo linali limodzi lokha, Constance." Ntchito inathera pomwepo.

Ndinagulitsa compressor yanga yopopera matayala n'kukabweza ndalamayo kwa a Umair. Analandira, koma pampando pa Constance anali ataikapo kale wina.

Ndinapita kwawo kwa Constance ku Naperi.

"Sindimadziwa, Constance. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti sumadziwa. Koma ine ndimadziwa bwinobwino, n'kutsegulabe. Mayi anga amadalira ine, Maurice. Ndikakuona ndimadzikwiyira. Ndatopa."

Akanati ndine wakuba, mwina ndikanadziwa podzitetezera.

Sabata yatha tinakumana ndi Constance pa siteji ya Chichiri. Atikonda anamuthamangira akukuwa, "Anti Connie!" Anamunyamula, kumukonza kolala, kenako anatembenukira kwa ine.

"Muli bwanji, bambo ake a Atikonda?"

"Ndili bwino... kaya inu?"

"Tilipo."

Anamutsitsa mwana n'kukwera minibasi ya Limbe.

Anzanga, pano matayala ndimapopa ndi pampu ya phazi, madzulo mwendo umachita kutupa. Zimenezo ndipirira. Koma munthu amene ankandiitana "iwe" akundikankha pamapewa, lero akundipatsa ulemu ngati apongozi. Ulemu umenewo ndi umene ukundiwawa.