Anapiye Opanda Make ku Dambe

Mayi Estere Chikaonda ndi mmisiri wa magetsi a sola ku Dambe. Ntchitoyi anakaiphunzira ku Blantyre amuna awo atamwalira, ali kale ndi ana awiri. Atabwerera kumudzi, anthu ankaima m'njira kudabwa mzimayi ali padenga, atavala ovolosi, waya ali paphewa.

Akamagwira ntchito pakhomo pa munthu, anyamata ankawaunjirira n'kumawafunsa mafunso, koma atsikana ankangosuzumira n'kudutsa. Tsiku lina Mayi Estere anamva Tiwonge, mtsikana wa Sitandade 7, akuuza mnzake kuti sayansi ndi ya anyamata. Mawuwo anawakhala pamtima.

Tchuthi chachitali chitayandikira, anapempha chipinda chimodzi pasukulu ya pulayimale, kenaka anayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti atsikana a Sitandade 7 ndi 8 azibwera kudzaphunzira. A Laimoni, bambo ake a Tiwonge, anakana.

"Mayi, kudimba kuli ntchito. Mwanayu akamakaseweretsa mawaya, kothirira kupita ndani?"

"Azibwera m'mawa mokha, bambo, masana ndi wanu. Komanso ngati muli ndi mazira, mutigawireko."

"Mazira? A chiyani?"

"Tikufuna tiswetse anapiye popanda thadzi."

A Laimoni anaseka mpaka misozi. Anapereka mwana ndi mazira omwe, ati akufuna adzaone okha zodabwitsazo.

Atsikanawo anatenga katoni, n'kuyala thonje mkati, n'kuikamo mazira ndi babu la galimoto. Analumikiza okha babulo ku batire, batire ku sola. Mayi Estere ankangoloza, osagwira.

Sabata isanathe, zinthu zinavuta. Ataswa dzira limodzi kuti aone, anapeza lalimba ngati lophika. Mazira onse anali atapsa. Atsikana ena analira, ndipo m'mawa mwake angapo sanabwere.

Mayi Estere sanawauze yankho. "Kodi thadzi limachita chiyani chimene ife sitinachite?" anafunsa otsalawo.

Tiwonge anapita kwawo n'kukakhala pafupi ndi nkhuku yofungatira, kuiyang'anitsitsa mpaka amayi ake kumukalipira. Anabwerako ndi nkhani: thadzi limatembenuza mazira ndi mlomo, ndipo nthawi zina limadzukapo kuti apitidwe mphepo. Asha, mwana wa a Swaleh a golosale, anabweretsa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamene amayi ake ankasunga m'nyumba. Atsikanawo anaboola katoni m'mbali, anatalikitsa babu, anaikamo kambale ka madzi kuti mpweya usaume. Mazira atsopano anasonkha okha, aliyense kukapempha kwawo, ndipo anagawana zoti azitembenuza mosinthana. Othawa aja atamva, anabwerera mmodzimmodzi.

Tchuthi chili pafupi kutha, Asha anatsegula chitseko cha kalasi m'mawa n'kumva kamawu kuti "tsiyo, tsiyo". Anataya nsapato, kuthamangira kumsika akukuwa, "Aswa! Aswa!"

Anthu anadzaza kalasi, ena kusuzumira pazenera. Kamwanapiye koyamba kanali konyowa, kakudzandira pathonje, ndipo ena anali akugogoda m'zikhungwa. Mazira ena sanaswe, koma palibe anasamala zimenezo. Amayi analuluta, atsikana akudumpha atakolekerana manja. A Laimoni anafika khasu lili paphewa, anagwada, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Wapanga ndani ichi?"

"Ndife, bambo," anayankha Tiwonge.

"Ndiye undifotokozere bwinobwino. Yamba ndi waya uyu, akuchokera kuti?"

Tiwonge anafotokoza, Mayi Estere ataima kumbuyo akupukuta m'maso ndi mpango.

Pano Tiwonge ali ku sekondale, ndipo tchuthi chikafika amabwera kudzathandiza kuphunzitsa. Chaka chino kwabwera atsikana ochokera mpaka ku Matandani, moti chipinda chimodzi chachepa. Akulimbana ndi pampu yokoka madzi kumtsinje. Dzulo inalavula madzi koyamba, matope okhaokha, n'kunyowetsa aphunzitsi aakulu malaya onse, ndipo iwo ndi amene anayamba kuomba m'manja.