Chikho cha Aroma Chinandikanirira Pamphumi

Inu owerenga, ndinadzilumika ndi chikho cha Aroma akale ndili pantchito, ndipo ndikuvomera kuti palibe anandituma.

Ndimasamalira a Pulofesa, nkhalamba yachizungu ya m'tauni ya Wheaton kunja kuno, omwe kale anali dokotala wa maopaleshoni. Chichitireni sitiroko anali asanalankhulepo. M'kabati yawo yagalasi muli zida za madokotala akale a Agiriki ndi Aroma: timipeni, mbedza zokokera khungu, chopanira chozulira mano, ndi chobowolera chigaza. Mwana wawo wamkazi, amene anandilemba ntchito, anandiuziratu kuti ndikadzangokhudza kabatiyo, ntchito yathera pomwepo.

Tsiku lina mutu unandiwawa koopsa. M'kabatimo ndinaona chikho chamkuwa, ndipo ndinachizindikira. Malume anga ku Ntcheu ankalumika anthu ndi nyanga, mutu n'kupola. Ndinati kodi kani Aroma ndi Angoni anzathu? Ndinayatsa kathonje, n'kuponya m'chikhomo, n'kudziphatika pamphumi.

Chinagwira. Ndikulumbira, nsidze zinakwera mpaka m'tsitsi, makutu anabwera kutsogolo kudzaonerera. Ndinakoka, chinakana. Ndinapaka mafuta ophikira, chinangonyezimira. Ndinapemphera, koma chikho chachikunja sichimva Chichewa. Kenako ndinamva galimoto ya mwana uja ikuima panja. Kuthawa kunali kosatheka: wodwala sasiyidwa yekha, ndiponso ndi basi iti ingakweze munthu wa nyanga imodzi?

Anandipeza nditaima pakona ngati chipembere cholapa. Mwanayo asanatsegule pakamwa, a Pulofesa anaseka mpaka kutsokomola, n'kulankhula: "Dina khungu m'mbalimo, chitsiru iwe, mpweya ulowe."

Ndinadina, chikho chinagwa. Mwana uja analira, n'kundikumbatira ndi mafuta omwe.

Ntchito sinathe, abale. Bola ikanatha. Ananena kuti chilichonse chowalankhulitsa bambo akewo ndizichita basi. Tsopano m'mawa uliwonse a Pulofesa amaloza m'kabati. Sabata yatha analoza chopanira, maso ali pa mano anga. Dzulo analoza chobowolera chigaza, akundisisita mutu mwachikondi. Kusiya sindingathe, chifukwa ndikajomba tsiku limodzi amabwereranso kukhala duu, mwana wawo n'kundiimbira foni akulira.

Inu amene mumasamalira okalamba kunja kuno, mutu ukawawa imwani madzi. Chida cha eni chikakukumbutsani malume anu, chipatseni moni muli patali, manja ali kumbuyo.